Kukana nsalu ya akulu n'kuviika, koma ubweya wa nkhosa ayi

Makolo athu anali akadaulo pokana chinthu popanda kutchula liwu lakuti ayi. Ndiwo anatisiyira mwambi uja wakuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Wamkulu akakutuma kuti umuchapire nsalu iwe usakufuna, sumuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti manja anga atopa. Umagwada, kulandira ndi manja awiri, n'kukaiponya m'madzi. Akafunsa madzulo umati, "Ndaviika, agogo, kuti litsiro liyambe lafewa." Mawa lake kunja kwachita mitambo. Mkuja sopo watha. Pofika tsiku lachinayi mwini nsalu, poopa kuti imuvundira, amakaivuula yekha n'kupatsa mdzukulu wina. Palibe amene wanyozedwa, ndipo palibe amene wachapa.

Mwambiwu sunafe, unangochoka kumtsinje n'kukalowa m'mafoni ndi m'maofesi. Malume akakutumizira uthenga pa WhatsApp wonena za fizi ya msuweni wako, iwe n'kuyankha kuti, "Ndamva, malume, tione mmene mwezi uthere," dziwa kuti waviika. Telala amene amadula mkono umodzi wa diresi tsiku lomwe wamupatsa nsalu, kenako Lachisanu lililonse n'kumakuuza kuti ubwere Lachisanu, anaphunzira sukulu yomweyo. Kalata ikafika pa "tebulo la abwana," kapena nkhani ikaperekedwa ku komiti yoti ikaiunike mofatsa, imeneyo ndi nsalu yoti yalowa m'madzi ndipo dzuwa sidzalionanso. Ine ndinkadziyesa katswiri pa luso limeneli, kufikira pamene linanditembenukira kuno ku England.

Ndimakhala pafupi ndi tauni ya Halifax, m'chigawo cha West Yorkshire, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba monga amachitira anzathu ambiri ochokera kumudzi. Kutchalitchi kwathu kuli agogo ena achizungu, a zaka zopitirira 80, amene mwana wawo amaweta nkhosa kumapiri kumtunda kwa tauni. Lamulungu lina pakamwa panandiphonya. Ndinawauza kuti juzi imene anavala inali yokongola. Kwathu mawu otere ndi moni chabe, amathera pa "zikomo, ndi yakalekale." Iwo anawamva ngati kalata yofunsira malo a sukulu. Anandigwira dzanja n'kuyamba kufotokoza kuti juziyo sanangoiluka: ulusi wake anapota okha, anaunyika okha mu utoto, ndipo nkhosa imene inapereka ubweyawo amaidziwa ndi nkhope yomwe. Ine ndinkangoti "eya, eya," maso ali pa tebulo la tiyi.

Patatha masabata atatu, mu June, nyengo yometa nkhosa, anandikodola titaweruka kuti ndiwatsatire ku galimoto. Anatsegula kumbuyo. Munali thumba lalikulu ngati la makala lija amalimangira mutu pamwamba, lodzaza ubweya wa nkhosa yathunthu, wongometa kumene.

"Ndi lanu limeneli, mwanawe," anatero, akumwetulira ngati andipatsa ng'ombe ya mkaka.

Nanga mwana woleredwa bwino akanatani? Ndinapinda maondo n'kulandira ndi manja awiri.

Musaganize kuti agogowa anataya chuma. Kalelo inde, ubweya ndiwo unali fodya wa dziko la England. Mpaka lero wotsogolera zokambirana m'nyumba ya malamulo ya House of Lords amakhala pa chimtsamiro chofiira chotchedwa Woolsack, kuti asaiwale kumene chuma chinachokera, ngakhale kuti mu 1938 atachitsegula anapeza m'kati muli ubweya wa akavalo. Mu 1666 anakhazikitsa lamulo loti munthu akamwalira azikulungidwa m'nsalu ya ubweya wa nkhosa basi, ndipo wophwanya lamuloli ankalipa mapaundi 5. Ngakhale maliro ankayenera kuthandiza msika. Lero zinthu zinatembenuka. Nayiloni ndi poliyesitala zinalanda malo, ndipo mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka misika, ndalama imene mlimi ankalandira pa ubweya wa nkhosa imodzi sinkakwana n'kulipira wometa yemwe. Ena anangoukwirira kuti usanduke manyowa, ena kuutentha. Koma kumeta sangaleke, chifukwa nkhosazi sizili ngati zathu za kumudzi zija zaubweya waufupi ngati wa mbuzi. Izi ubweya wake umangokula. Ku New Zealand nkhosa ina yotchedwa Shrek inathawa wometa n'kukabisala m'mapanga zaka zisanu ndi chimodzi. Ataigwira mu 2004 anaimeta ubweya wolemera makilogalamu 27, dziko lonse likuonera pa wailesi yakanema. Imeneyo ndiye inkadziwa kukana.

Ine nditafika kunyumba ndinamasula thumba lija pakhonde, n'kulimanganso msangamsanga. Amene amaganiza kuti ubweya umachoka pa nkhosa uli woyera mbee ngati wa pa chithunzi cha Mbusa Wabwino sanaununkhizepo. Umakhala wonata ndi mafuta, wodzaza udzu ndi timinga, ndipo cha kumchira kumalendewera zibulu zimene sindikufuna kuzitchula, mwina ena mukuwerenga mukudya. Apa m'pamene ndinakumbukira nzeru za makolo. Kuseri kwa nyumba kuli mgolo wa pulasitiki wotungira madzi a mvula. Ndinakhuthulira ubweya wonse m'menemo, kuukankha ndi mtengo mpaka wamira, kuvundikira, n'kusamba m'manja. Mumtima ndinati, agogo akafunsa ndidzati ndinaviika, ndipo pofika Khirisimasi adzakhala ataiwala.

Sabata yoyamba inadutsa bwino. Yachiwiri kunatentha. Fungo linayamba kutuluka mu mgolo muja, fungo loti ntchentche zinkabwera, kuzungulira kamodzi, n'kubwerera. Abambo a m'nyumba muno anayang'ana kaye pansi pa nsapato zawo, kenako m'paipi ya zonyansa, kenako anandiyang'ana ine.

"Amayi, ngati mwayamba zausing'anga ndiuzeni, ndidziwe poyankha a polisi."

Tsiku la khumi ndi chiwiri agogo aja anatulukira, atanyamula keke. Anafunsa za ubweya. Ndinaweramitsa mutu monga mwa mwambo n'kunena mawu amene ndinawakonzeratu, kuti ndinauviika. Anati akauone. Ndinawatsogolera kuseri ndikupemphera chamumtima. Anavundukula, kuweramira mu mgolo, kukoka mpweya wonse uja ndi mphuno ziwiri, ndipo nkhope yawo inawala ngati ya munthu amene wapeza m'bale wake wotayika.

"Anakuphunzitsani ndani zimenezi? Madzi a mvula! Ndipo simunauvundule n'kamodzi komwe!"

Ndinadziwa tsiku limenelo kuti kuviika ubweya wauwisi m'madzi a mvula n'kuusiya kwa sabata kapena kuposerapo ndi njira yakale yoyeretsera. Thukuta la nkhosa limene limaumira mu ubweya lili ndi mchere wina umene umasungunuka m'madzi, ndipo madziwo akasasa amagwira ntchito ngati sopo. Fungo ndilo umboni wakuti ntchito ikuyenda. Ubweya tinauvuula, tinautsukuluza, ndipo utauma fungo linatha, unayera ndithu. Madzi onunkha aja anandiletsa kutaya, amvekere ndi abwino kuviikamo ubweya wina. Ulesi wanga wonse, womwe ndinaukonza mwaluso, unasanduka satifiketi. Lamulungu lotsatira anauza tchalitchi chonse kuti anthu a ku Malawi amabadwa akudziwa ubweya.

Makolo popeka mwambi uja ankanena za nsalu ya thonje, imene ukaiviika ntchito imaima. Sanaganizire za chinthu chimene kuviika ndiye phunziro lake loyamba.

Ndinayesa njira ina. Mafuta anali asanathe, choncho anandiuza kuti nditsukenso ndi madzi otentha ndi sopo, koma mofatsa. Ine ndinatenga gawo lina n'kulichapa monga tinaphunzirira pamwala: kufikisa, kufinya, kumenyetsa, kenako kutsukuluza m'madzi ozizira. Chimene chinatuluka m'beseni sichinali ubweya. Chinali chigamba chimodzi cholimba gwa, ngati chikopa cha mvuu. Tsitsi lililonse la nkhosa lili ndi timamba tating'onoting'ono ngati ta nsomba. Likakumana ndi kutentha, sopo ndi kutikita, timambato timakolana ndipo palibe amene angatimasulenso. N'chifukwa chake juzi ya bambo ikalowa molakwika m'makina ochapira imatuluka ya mwana. Ndinatenga chigamba chija kupita nacho kwa agogo ndili ndi chimwemwe chobisa, ndikuti apa ndiye andichotsa sukulu. Anachitembenuza uku ndi uku, n'kundiuza kuti nalonso ndi luso palokha, kuti ku Mongolia anthu amafolera nyumba zawo ndi zigamba zotere, ndipo changachi chikhoza kukhala choikapo poto wotentha patebulo.

Apa ndipo pali msampha wa chizolowezi chimenechi: mulibe kulephera. Cholakwa chilichonse chili ndi dzina lake laulemu. Ukapota ulusi wosalingana, pena wonenepa ngati chala pena wowonda ngati tsitsi, amakuuza kuti usunge, chifukwa ukadzazolowera sudzathanso kupota wotere, ndipo m'masitolo ena umagulitsidwa modula monga ulusi waluso. Munthu ungatuluke bwanji m'sukulu imene mayeso ake aliyense amakhoza?

Kenako kunabwera kupesa. Amakupatsa timatabwa tiwiri tokhala ndi mano a waya, uzikwecheza ubweya pakati pake mpaka tsitsi lonse litaloza kumodzi. Ndinapesa usiku ndi usiku, ubweya uli m'mphuno, m'tiyi, ngakhale mu ndiwo. Pambuyo pake anandipatsa chopotera: kamtengo kokhala ndi kambale kozungulira ndi kangowe pamwamba. Umakola ubweya pa kangowe, kukazunguza kali lende m'mwamba, zala zikukoka ubweya pang'onopang'ono kuti kupotako kukwere. Chinsinsi chonse chili pa kupota. Ubweya wosapota umaduka ukangoukoka, koma ukaupota umalimba. Ukaupotetsa umadzipinda wokha ngati njoka yopsa mtima. Ukamaliza zingwe ziwiri umaziphatikiza n'kuzipotanso mobwerera kumene zinachokera, kuti mphamvu ziwirizo zigonjetsane ulusi ugone phee. Kunena n'kosavuta. Kamtengo kanga kankagwa pansi kawirikawiri moti a nyumba yoyandikana nayo anafunsa ngati tikukhoma misomali.

Agogo ananditengera ku gulu lawo la opota, limene limakumana m'holo ya tchalitchi Loweruka limodzi pa mwezi. Amayi okhaokha pafupifupi, ndi abambo awiri a ndevu, aliyense ali ndi gudumu lake lopondera ndi phazi, ambiri a mtundu wa Ashford ochokera ku New Zealand, mtengo wake woti kwathu ungagulire malata a nyumba. Ndinakhala pakona ndikuwayang'ana, ndipo zinandiseketsa ndikaganiza za malo amene tinali. Ku Halifax kuno kuli chinyumba cha Piece Hall, chimene chinatsegulidwa mu 1779 ndi zipinda 315 zogulitsiramo nsalu zoomba pamanja. Sichinachedwe kuchepa ntchito, chifukwa makina anali atayamba kale: James Hargreaves anapanga ake opota zingwe zambiri nthawi imodzi cha m'ma 1764, Richard Arkwright anatsatira mu 1769. Mu 1812 amisiri a m'dera lomwe lino, otchedwa Luddites, ankathyola mafakitale usiku kuphwanya makina amene ankawalanda ntchito, ndipo ena mwa iwo ananyongedwa ku York mu 1813. Makina anapambana. Kenako mafakitale nawonso anafa. Ya Salts Mill, ku Saltaire, inatseka mu 1986 ndipo lero anthu amapitako kukamwa khofi ndi kuonera zojambula. Tsopano zidzukulu za anthu amene anamasulidwa ku ntchito yopota pamanja zikulipira ndalama kuti zipote pamanja, n'kumati zikupumula.

Ndinalakwitsanso powauza amayi anga pafoni. Iwo amakhala ku Chikwawa.

"Iwe mwanawe, bwereza. Ukuti ukutani?"

"Ndikupota ulusi, amayi."

"Wa fakitale?"

"Ayi, wanga. Pamanja."

Kunali zii kwa nthawi, moti ndinayesa netiweki yathawa. Kenako anati, "Tinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ukwere ndege, ukafike kumeneko ukayambe ntchito imene agogo a agogo ako anaisiya atangoona nsalu ya m'sitolo?"

Sananame. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu m'midzi yawo, ndipo nsalu zochokera kunja ndizo zinadzaiziziritsa ntchitoyo. Ndinayesa kuwafotokozera kuti kuno zimenezi amachitira kusangalala, kuti mtima uzikhala m'malo. Anandiuza kuti ngati ndikufuna mtima ukhale m'malo ndibwere ndidzatole thonje m'munda mwa malume, ndipo juzi pa kaunjika zilipo zambirimbiri, zina za ku England komweko.

Koma kunyika ndiye kumene kunandimaliza, ndivomere. Ubweya sugwira utoto wa zomera bwinobwino usanauphike kaye m'madzi a mchere wina wotchedwa alum, pafupifupi magalamu 10 pa magalamu 100 a ubweya wouma. Mcherewo ndiye nkhoswe: umagwira ubweya dzanja limodzi, utoto dzanja linalo, kuti banja lisathe pa kuchapa koyamba. Ukatero umawiritsa makoko a anyezi, kusefa, kuikamo ubweya n'kutenthetsa pang'onopang'ono osafika pobwata, osavundula. Nditavuula koyamba ndinakhala pansi. Zinyalala zimene ndakhala ndikutaya moyo wanga wonse zinatulutsa mtundu wachikasu chagolide, wowala ngati dzuwa la madzulo pa Shire. Nthangala za mapeyala, zimene aliyense angalumbire kuti zipereka mtundu wa dothi, zimapereka pinki. Ukaponyamo madzi a misomali yadzimbiri, chikasu chija chimasanduka chobiriwira modera. Kabichi wofiira yekha ndiye wabodza: mumphika amaonetsa pepo wokongola, koma ukachapa kawiri n'kuyanika padzuwa amatsala wotuwa ngati bulangete la m'chipatala. Chikomekome cha mkuyu.

Kuyambira pamenepo ulemu wanga unayamba kutsika. Ndinkapita kusitolo, kugula anyezi awiri, n'kudzaza jumbo ndi makoko a pansi pa kireti, wogulitsa akundiyang'ana mwachifundo. Anzanga a kuntchito ankandibweretsera nthangala za mapeyala m'maenvulopu. Tsiku lina ndinanyikira mu poto wa nsima, ndipo abambo atapeza kaubweya kachikasu pa mtanda anayala lamulo, limene ndinapeza kuti ndi lamulo la onyika onse: poto wa utoto ndi wa utoto, wa chakudya ndi wa chakudya, ndipo mthiko suyendera mbali ziwiri.

Ndinafunsa agogo chifukwa chake tikuvutika chonchi pamene utoto wa m'botolo ulipo. Anandiuza nkhani imene inandikhudza monga munthu wa kuchigwa cha udzudzu. Mu 1856 mnyamata wa zaka 18 wa ku London, William Henry Perkin, ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo, kuchokera ku phula la malasha. Kwinini sanatuluke. M'botolo munatsala matope akuda, ndipo powatsuka anaona kuti akupereka mtundu wa pepo umene unkagwira nsalu. Mnyamatayo anasiya za malungo, anatsegula fakitale ya utoto, analemera. Dziko linapeza madiresi a pepo, ife tinatsala ndi udzudzu wathu.

Pamapeto pake tinafika pa buluu. Utoto wa indigo susungunuka m'madzi wamba. Umafuna madzi amene mpweya wachotsedwamo. Ubweya umatuluka mumphika uli wachikasu mobiriwira, ndipo ukangokumana ndi mphepo umasanduka buluu iwe ukuona ndi maso ako. Ndikanakhala kumudzi anthu akanathawa. Agogo anandiuza kuti masiku ano pali mankhwala ochitira zimenezi, koma njira yeniyeni ya makolo awo ndi mkodzo wogonetsa masabata angapo, ndipo kale ku Yorkshire kuno mafakitale ankachita kutolera mkodzo khomo ndi khomo wotsukira ubweya. Kenako anandiyang'ana mwachikondi n'kunena kuti popeza mgolo ndili nawo kale, ndipo fungo sindiliopa, tingayese.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka liwu limene sindinaliuzepo munthu wamkulu chibadwire.

"Ayi, agogo. Zimenezo ayi."

Ndinadikira kuti thambo ligwe. Iwo anangoti, "Chabwino, tigula mankhwala," n'kundifunsa ngati ndikufuna tiyi wina. Basi. Osakwiya, osadandaula, osakauza abusa. Ndinakhala pamenepo kapu ili m'manja ndikuwerenga miyezi imene ndinataya. Ndiye kuti tsiku lija pa galimoto ndikanangoti "zikomo, koma ayi," akanatseka kumbuyo kwa galimoto n'kukapatsa wina. Kuno wamkulu ukamukana amamva kuti wakana. Ukalandira ndi manja awiri n'kugwada, amamva kuti wapeza mwana womusiyira luso.

Mu 1811 ku Newbury, Sir John Throckmorton anabetcha ndalama za golide 1,000 kuti ubweya umene uli pamsana pa nkhosa m'mawa akhoza kuuvala ngati jekete madzulo a tsiku lomwelo. Anameta nkhosa ziwiri, kupota, kuomba, kunyika, kusoka, ndipo jekete linatha m'maola 13 ndi mphindi 20. Nkhosa ziwirizo anaziwotcha n'kudyera chikondwerero. Ine chipewa chimodzi chinanditengera miyezi ingapo. Ndikaphatikiza timatabwa topesera, chopotera, mapoto awiri, alum, magetsi ndi gudumu logwiritsidwapo kale limene ndinagula ndikuuza abambo kuti ndabwereka, chipewacho ndi chodula kuposa suti imene iwo anavala pa ukwati wathu. Chinali chachikasu ndi mizere ya buluu, chopendekera kumanzere pang'ono. Ndinachipatsira munthu wopita kumudzi kuti akapereke kwa amayi.

Ku Chikwawa, mu October.

Anaimba foni kuthokoza. Anati n'chokongola kwambiri, anthu onse achiona, ndipo achisunga bwino m'sutikesi kuti adzavale kukadzazizira. Ndinazindikira kalankhulidweko nthawi yomweyo, chifukwa ndi iwo amene anandiphunzitsa. Patatha mwezi mng'ono wanga ananditumizira chithunzi. Chipewa chili m'dengu kuseri kwa chitseko cha khitchini, ndipo m'kati mwake mwakhala thadzi, likufungatira mazira asanu ndi atatu. Akuti onse anaswa.

June wafikanso. Lamulungu lapitali agogo anandikodolanso, ndipo ulendo uno m'galimoto munali matumba awiri. Liwu lija tsopano ndimalidziwa, linali pa nsonga ya lilime. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Kodi iyi ndi nkhosa ya mtundu wa Bluefaced Leicester kapena ndi ija yokalabada ya chaka chatha?" Mgolo wadzazanso, ndipo ofuna kudzationa ayambe adikira masabata awiri. Koma inu amene muli kuno ku Yorkshire, makoko a anyezi musamataye, chonde. Ofiira ndi achikasu muziika m'majumbo osiyana.